Gupba Yopanda Nthenga

Tinali pa siteji ya basi ku Tejen, mwana wanga nditamugwira dzanja zolimba kuopa magalimoto. Mayi wina anasuzumira m'chikwama cha mayi amene anakhala naye pafupi, n'kuona gupba, kachisoti kasiliva ka atsikana, kamene amasomekapo nthenga mtsikana asanafunsiridwe.

"Ilibe nthenga! Ndiye mwana wanu anafunsiridwa kale? Ukwati liti, mayi?"

"Nthengayo tinazula zaka zinayi zapitazo. Koma mnyamata amene anamufunsirayo anapita ku Ashgabat n'kukwatira wina."

"Aa! Osaibwezera bwanji? Anyamatatu azingomudutsa poganiza kuti ndi wa mwini."

"Ndinaisunga m'bokosi. Koma bambo ake akuti ikangobwerera pamutu, mudzi wonse udziwa kuti tinakanidwa."

"Ngati kuti mudziwo sukudziwa kale! Nanga mwiniwakeyo akuti chiyani?"

"Gulnabat? Amangopukuta silivayo. Mng'ono wake akukwatiwa Loweruka."