Mng'ono Wanga Anathamangira Boti

Yewo a wailesi, ndiwerengereni nkhaniyi osadulako. Ndimakhala ku Chibanja kuno ku Mzuzu, koma kwathu n'ku Nkhata Bay.

Tili anyamata, mwera unatenga bwato la bambo chifukwa mng'ono wanga anathawa mafunde m'malo molikokera kumtunda. Ndinam'menya mpaka dzino linaguluka. Ndinati, "Iwe, mwana wa kunyanja sathawa kusiya bwato!" Ndine wa mtima wapachala, sindikana.

Atakula, boma linam'tumiza ku Japan kukaphunzira za usodzi. Chaka chatha kumeneko kunachitika chivomezi. Akuti miyala ya pansi pa nyanja inasuntha, madzi n'kuphwera kutali, maboti n'kutsala pamchenga. Eni dziko amadziwa kuti nyanja ikatero imabwerera itatalika kuposa nyumba, choncho anathawira kuphiri akumukuwira kuti awatsatire. Iye anatsetsereka kukamanga boti la sukulu yawo, ndipo nyanja itabwerera inam'kokolola.

Bwana wa boma amene anabweretsa uthenga wa imfa yake anati, "Pepani chomene adada, thupi silinapezeke." Ndinayamba kukalipa, mkazi wanga n'kunditsina kuti ndikhale chete pamaso pa munthu wa boma. M'manda tinaikamo thunthu la nthochi.

Miyezi yambiri ndinkatukwana anthu a dziko lija kuti ndi nzeru zawo zonsezo analephera kupulumutsa munthu mmodzi. Koma iwo anamuuza kuti athawe. Amene anamuuza kuti asathawe ndine.

Kuno nthaka ikangonjenjemera pang'ono, mbale n'kulira pa shelefu, ndimamuona akuthamangira kumadzi, akucheuka kuti aone ngati achimwene ake akumuyang'ana.