Tsiku Limene Ndidaima Kumbuyo kwa a Nachisale

Zaka zija matipate atangoyamba kumene, njinga zamoto zimene zikutigonthetsa m'khutuzi zisanadzaze m'misewu, ine ndidali wokonza mawailesi pa Mayani. Musandione lero ndikukhalira matumba a kachewere pano pa Chimbiya ngati mlonda wopanda chibonga, ndidali ndi benchi yangayanga pakhonde la sitolo, ndipo anthu ankandivulira chipewa.

Tasenderani kuno inu, lole mukuyidikirayo sifika msanga. Chiyambire m'mawa ndakhala ndikukumvani mukukangana za mpando wa phungu wathu amene tamuika m'manda sabata yathayi. Uyu akuti alowepo mwana wawo wamkazi, uyo akuti chipani chikataya mpando uno ndiye kuti chisankho chachikulu chikubwerachi chapitanso, ndipo aliyense akuloza pafoni ngati foniyo idali nawo kumaliro. Iwe Tadala, ndiwe wakweza mawu kuposa onse potchula mwana wa malemuyo. Kodi udamufunsa mwiniwake? Takhala pathumbapo, ndikuuze zimene pakamwa panga padachita.

Masiku amenewo nkhani zinkachokera mu wailesi basi, ndipo poti mawailesi onse odwala a m'midzi yozungulira ankagonekedwa kwa ine, anthu ankaganiza kuti nkhani zimayamba zandipeza ine zisanapite kwa ena. Ine sindinkawatsutsa. Kutchedwa wodziwa zinthu kumakoma, ana inu, ndipo munthu akandifunsa kuti, "A Gelevazio, kwamveka zotani?" sindinkayankha kuti sindikudziwa, ayi, ndinkayamba ndatsokomola kaye pang'ono kuti onse atchere khutu.

Tsono m'nyengo yachisanu, chisanu chathu chino cholowa mpaka m'mafupa, phungu wathu wa nthawi imeneyo adamwalira. Adali a Lukasi, munthu wofatsa amene adayamba ali mphunzitsi, ndipo theka la ife adatiphunzitsa kulemba maina athu. Maliro adali aakulu, magalimoto a ku Lilongwe ali ndandanda mpaka kudambo, koma ndikuuzeni zoona, adzukulu asanamalize n'kukumba komwe manda, ife amuna amene tidakhala pansi pa mitengo ya bulugama tidali titayamba kale kugawa mpando wa malemu. Zimene mukuchita inuzi si zatsopano. Wina ankati ku Nyumba ya Malamulo chipani chathu chikungoposa chinzake ndi mipando yochepa, kotero tikataya uno mawu athu apepuka. Wina ankati dera likapita kwa otsutsa, mlatho umene a Lukasi adauyamba tiuiwale. Winanso ankati chisankho chachibwereza chili ngati kulawa ndiwo zili pamoto, mchere ukachepa pano ndiye kuti pachisankho chachikulu zidzakhalanso zosakolera. Atatopa kutsutsana, onse adatembenukira kwa ine.

Ine sindidamve kanthu kalikonse. Koma maso anga adagwera pa mkazi wa malemu, a Nachisale, atakhala pamphasa pakhomo pa nyumba ya maliro, akulandira manja a anthu mmodzimmodzi molimba mtima, ndipo ndidatsokomola n'kunena motsitsa mawu kuti, "Musauze munthu, koma akuluakulu a chipani akuganizira mayi wamasiyeyo."

Mukafuna kuti nkhani ithamange, muziyamba ndi mawu akuti musauze munthu. Sabata isanathe, wogulitsa tomato wina wochokera ku boma adafika pabenchi panga n'kundinong'oneza kuti, "A Gelevazio, mwamva? Ku Lilongwe akufuna a Nachisale." Idali nkhani yanga yomwe ija, itanenepa, itavala jekete, ndipo ine ndidangogwedeza mutu ngati ndimadziwa kale, mpaka mumtima ndidayamba kuikhulupirira pang'ono. Koma kwa akuluakulu a chipaniwo idafika itatembenuka, yakuti anthu akumudzi ndiwo akufuna mayiyo. Iwo ankati ndi ife, ife tinkati ndi iwo, ndipo mapeto ake adatumadi anthu kukawapempha a Nachisale kuti apikisane nawo.

Apa mpamene munga udandilasa ine mwini. Ndidali mkamwini. Munda umene ndinkalima ndi nyumba imene ndinkagona zidali pamudzi pa akazi anga, a Nambewe, ndipo mwini mbumba pamudzipo adali mlongo wawo, alamu anga a Bonifesi, munthu wa lole ndi chigayo, amene mpandowo ankaufuna ndi mtima wonse. Inu a masiku ano mumakwatira n'kukachita lendi kutauni, simudziwa mmene mkamwini amayendera pamudzi pa eni. Amaponda mosamala, ndipo alamu ake akaseka nayenso amaseka ngakhale nthabwalayo sadaimve.

Tsiku lina masana ndidangoona a Nachisale atulukira, ali m'zakuda, atanyamula wailesi ya amuna awo itakulungidwa m'chitenje. Nditaitsekula ndidapeza kuti padangoduka kawaya ka mabatire, ntchito yoti mwana angathe. Ndikulumikiza kawayako, iwo adakhala kumapeto kwa benchi n'kunena kuti, "Bambo Gelevazio, si wailesiyi kwenikweni imene yandibweretsa. Inu mumamva zambiri. Kodi n'zoona kuti anthu akundifuna? Ine mtima wanga ukadali kumanda, ndipo zandale sindizidziwa. Koma ngati anthu akufunadi kuti ndimalize zimene bambo adasiya, sindingawakane. Ngati si zoona, mundiuze chonde, ndikhale pakhomo ndilire amuna anga."

Ana inu, pamenepo mpamene ndikadanena zoona. Koma pakhondepo padali amuna atatu akumvetsera, omwe aja ankandivulira chipewa, ndipo ndidaopa kuti adziwa kuti a Gelevazio amangopeka. Ndidayang'ana wailesi, osati nkhope yawo, n'kuyankha kuti, "Mayi, anthu akukufunani."

Adaomba m'manja mwaulemu, n'kundithokoza. Kuthokoza kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Kuyambira pamenepo adayamba kuyenda wapansi mudzi ndi mudzi, pamodzi ndi amayi anzawo opemphera nawo mumphakati wa tchalitchi, ndipo kulikonse kumene ankafika anthu ankawayalira mphasa n'kulira nawo, iwo n'kumayesa kuti misoziyo ndi mavoti. Koma kulira ndi wamasiye n'kwina, kumusankha n'kwinanso. Akangotembenuka, amuna ankati mpando wa phungu si chuma chamasiye choti mkazi n'kutsala nacho. Abale a malemu ankang'ung'udza kuti mayiyu wathamangira misonkhano dothi la pamanda lisanaume, ndipo ena ankanena zoposa pamenepo, zimene sindingabwereze pamaso panu. Ine zonsezi ndinkazimva pabenchi paja, koma ndinkangoweramira mawailesi anga.

Tsiku la mapulaimale lidafika, ndiko kuti chisankho cha m'chipani chopezera munthu wokaimira chipanicho. Inu mudazolowera kulowa m'kachipinda n'kuchonga pepala wopanda wokuonani, koma ife tinkasankha poyera, dzuwa likuswa mtengo. Opikisanawo ankaima kutsogolo atatifulatira, osaloledwa kucheuka, ndipo wezulo ikalira, ife a m'makomiti tinkapita kukandanda kumbuyo kwa amene tamufuna. Mnzako ankakuona, mpongozi wako ankakuona, wina aliyense ankadziwa pamene waima.

Tidasonkhana pabwalo la sukulu. Kutsogolo kudaima anthu awiri, a Bonifesi ali m'suti, ndi a Nachisale ali m'zakuda zawo, manja atagwirizira kutsogolo, akuyang'ana kuphiri. Wezulo italira, fumbi lidangoti koboo, anthu onse kuthamangira kwa a Bonifesi, ndipo mzere wawo udakhota mpaka kuzungulira golo ya mpira. Kumbuyo kwa a Nachisale kudaima amayi a mumphakati aja basi, osakwana ndi zala za manja awiri zomwe. Mayiwo sankadziwa. Adangoima chilili, mutu uli m'mwamba, akukhulupirira mawu anga aja.

Ine ndidatsalira pakati pa bwalo. Akazi anga adandikoka jekete n'kunena kuti, "Bambo a Malita, mzere wathu ndi uwu. Mwaiwala kumene mumagona?" Sindidaiwale ayi. Ndidaona munda wanga, ndidaona nkhokwe yanga, ndidaona alamu anga mmene adzandiyang'anire madzulo ake. Koma ndidaonanso msana wa mayi uja, amene akadakhala ali pakhomo pawo akulira mwamtendere pakadapanda ine. Ndidachotsa dzanja la akazi anga pajekete, ndipo ndidayenda, bwalo lonse likundiona, mpaka kukaima kumapeto kwa kamzere kaja, mwamuna ndekhandekha pakati pa amayi. Anyamata a alamu anga adaseka mpaka ena kugwa pansi.

Atamaliza kuwerenga adauza opikisanawo kuti acheuke. Nkhope ya a Nachisale panthawi imeneyo sindidzaiiwala. Adayang'ana mzere wautali uja, m'menemo muli anthu amene adawayalira mphasa ndi kulira nawo, kenaka adayang'ana ife, koma msozi sudagwe. Anyamata aja adayamba kuimba nyimbo yowanyoza. Iwo osawasamala, adayamba kutigwira chanza mmodzimmodzi ngati mmene ankachitira pamaliro paja, ndipo atafika pa ine adati, "Zikomo bambo, inu nokha ndiye simudandinamize."

Apo ndiye ndidalephera kupirira. Ndidati, "Mayi, ndidakunamizani. Nkhani yonse ija ndidaiyambitsa ndine, pamaliro pomwe paja. Palibe amene adandiuza kanthu."

Dzanja langa sadalisiye. Kenaka adandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye pano mwadzaima chifukwa mumandifuna, kapena chifukwa cha manyazi?"



Adapitiriza kuti, "Kukadakhala bwino mukadaima kwa alamu anu lero, koma tsiku lija n'kundiuza zoona." Adasiya dzanja langa, n'kumanga bwino chitenje chawo, ndipo adadutsa pakati pa anyamata oimba aja kubwerera kwawo.

Zotsatira zake palibe katswiri wa pansi pa bulugama amene adaziona. Amayi a m'dera lonse, ngakhale omwe aja adaima kwa a Bonifesi, nyimbo yonyoza wamasiye ija idawalowa mumtima, ndipo pachisankho chachibwereza, m'kachipinda mopanda wowaona, adachonga munthu wa chipani china. Alamu anga adagwa, mpando udapita, pachisankho chachikulu sudabwererenso, ndipo mlatho uja tidaudikira zaka. Walira mvula walira matope. A Bonifesi mkwiyo wawo wonse adauthira pa ine, adandiuza kuti nditenge mphasa yanga ndi timawaya tanga ndibwerere kwathu, ndipo ndidakhaladi miyezi ndikugona kwa msuweni wanga. Adandipulumutsa ndi a Nambewe, Mulungu awapumitse, amene tsiku lina adaima pakhomo pa mlongo wawo n'kunena kuti, "Achimwene, mkamwiniyu ndi wopusa, sindikukana, koma ndi wanga. Mpando mwautaya ndi nyimbo za anyamata anu." Ndidabwerera pamudzi, ndipo alamu anga tidadzayamba kulonjerana patapita zaka ziwiri.

Munda wanga ndidaupeza, nyumba yanga ndidaipeza. Koma a Nachisale chimene adataya palibe adawabwezera. Miyezi imene akadalira amuna awo idathera m'misewu, abale a malemu sadawakhululukire, ndipo adasamuka kubwerera kwawo cha ku Kabwazi. Adakhala moyo zaka zambiri, ndipo ndikapita kumeneko ku Misa tinkakumana pakhomo pa tchalitchi. Ankandilonjera mwaulemu wonse, "Muli bwanji bambo Gelevazio, kunyumba ali bwanji," osaonetsa mkwiyo ngakhale pang'ono. Koma kufikira tsiku limene adamwalira sadandifunsenso kanthu kena kalikonse. Ngakhale nthawi, wotchi ili pamkono panga, ankafunsa munthu wina.

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine wanga ndidaupeza, koma adaulipira ndi munthu wina amene sadalakwe kanthu. Tsono kanganani za mpandowo, ana anga, sindikukuletsani, dziko ndi lanu ndipo kukambirana zandale si tchimo. Werengani mipando, onani chipani chimene chipindule ndi chimene chigwe. Koma dzina la munthu muziligwira mosamala, chifukwa masiku ano nkhani imene kwa ine idatenga sabata, pafoni yanuyo ifika ku Lilongwe lole isanafike pano.

Iwe Tadala, mtsikana ukumutchulayo adaika bambo ake m'manda masiku asanu apitawa. Mwina adzaufuna mpandowo, mwina ayi, zimenezo adzanena yekha akapukuta misozi. Ndipo ngati tsiku lina adzaima pamaso pako n'kukufunsa kuti kodi anthu akundifunadi, iwe usakudziwa, udzamuyang'ane kumaso n'kunena kuti sindikudziwa. Ndi mawu amodzi okha, mwana wanga, koma ine adandikanika.