Anafera pa Chipata Chomwe Ankalondera

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1957, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anamaliza mu 1976. Mu 1980 anakwatira mayi athuwa, amene alemba okha mbiriyi ndipo atiletsa kudumphapo mawu.

Mu 1982 anayamba ntchito yodinda ziphaso pachipata cha m'malire. Anagwira zaka 32 osalandirako ngakhale nthochi ya chiphuphu. Koma tisanamizane pamaliro: bambowa anali ouma mtima. Mawu awo anali amodzi, akuti chipata chilibe m'bale. Mu 1999 anabweza mayi wina wodwala chifukwa kalata yake inalibe chidindo chachiwiri. Akazi awo ankaikamba nkhaniyi pamsika monyadira. Lero akuyang'ana pansi.

Mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana kuti odwala aziwoloka ndi kalata ya dokotala yokha, poti chipatala chachikulu chili tsidya linalo, poyenda wapansi pomwe. Koma kenako boma lathu linatembenuka n'kuti ayi, sitingalamulidwe ndi aneba, pazikhalanso chidindo chathu. Malemu atamva pa wailesi anaomba m'manja.

Pa 3 mwezi uno mtima unawagwira. Galimoto yopita nawo kuchipatala inafika pachipata 9 koloko m'mawa, kalata ya dokotala ili m'manja. Chidindo chinali chokiyiridwa m'dirowa, mwini kiyi ali kumsonkhano wokambirana za mgwirizano womwewo. Akazi awo anagwada pa simenti pamaso pa ofesala amene malemu anamuphunzitsa ntchito. Iye anavula chipewa mwaulemu n'kuti pepani amayi, chipata chilibe m'bale, tinaphunzitsidwa choncho. Malemu anamva. Sanatsutse, anangotembenuzira nkhope kumbali. Anatisiya 12 koloko masana, denga la chipatala likuoneka.

Bokosi agonamoli walikhoma ndi kalipentala wa tsidya linalo, mwana wa mayi anabwezedwa uja. Palibe anamupempha. Lalowa kudzera njira ya kutchire, lopanda chidindo ngakhale chimodzi. Inu akuntchito mwakhala pamipando yakutsogolo ndi nkhata zanuzo, ngati mukufuna kuligwira, ndi ili.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza dalaivala amene anawakupizira mphepo maola atatu, ndi nonse mwatikhazika. Kalipentala uja sanabwere, ndipo banja silikudziwa kuti likamuthokoze ndi nkhope iti.

Mzimu wawo uuse mumtendere, ndipo kumene apitako asakawafunse chidindo chachiwiri.