Goodluck Wateteza Mitengo

Ife amene tinachoka ku Mzimba nkhalango ya Luwawa ikadali bii, tikabwerako timapeza zitsa, ndipo pakati pa zitsazo chikwangwani chotilangiza kusamala chilengedwe. Mayi Esme, namwino wa ku Leeds amene Chitumbuka chinawachita dzimbiri mkamwa, analengeza pa intaneti kuti nyumba ya malemu bambo awo ndi malo ogona alendo okonda mitengo ndi mbalame, ndipo anafika kudzayendera mlonda wawo Goodluck tsiku lomwelo limene alendo oyamba, Azungu awiri a ku Holland, ananyamuka ku Lilongwe.

"A Goodluck, dalaivala uja wanditsitsa polakwika?"

"Yayi, amama, mwafika. Mwayenda bwanji?"

"Za mayendedwe zisiyeni. Mkungudza wa bambo uli kuti? Misuku ili kuti? Pano pakhala ngati bwalo la ndege!"

Goodluck anavula chipewa, nkhope ikuwala ngati ya mwana wokhoza mayeso.

"Yonse ilipo, amama. Sunabedwe ndi umodzi womwe."

"Ilipo kuti?"

"Ndakiyira."

"Mwatani?"

"Munanena pa foni kuti ukasowa mtengo umodzi, ntchito yandithera. Tsono owotcha makala a kuno inu simuwadziwa. Mtengo ukagona panja, mbwenu mawa uli m'thumba pa njinga, ulendo wa ku Jenda."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinawayambirira. Ndinaitana anyamata a macheka, yonse pansi, yonse m'nyumba. Abwere tsopano, tione chomwe abe!"

Mayi Esme anakhala pa chitsa. Atazindikira kuti ndi cha mkungudza uja anadzambatuka ngati akhalira singano.

"Ndinati muteteze! Kuteteza!"

"Enya. Nanga nkhuku timaiteteza bwanji kwa vumbwe? Timaisiya pabwalo?"

"Mtengo si nkhuku, bambo inu! Mtengo ndi wamoyo, umapuma! Ndinakutumizirani kanema wofotokoza zonsezi."

"Bandulo inathera koyambirira, pamene Mzungu uja amayenda m'tchire atagwira tsamba. Koma za kupuma musadandaule, mazenera ndimatsekula m'mawa uliwonse."

"Mazenera a kuti?"

"A chipinda cha alendo. Sitolo inadzaza ndi misuku. Mkungudza ndaugoneka m'mbali mwa bedi. Kafungo kake, amama, adzagona ngati mafumu."

"Ngati mitembo m'bokosi! Ine malangizo anga samveka pawiri. Ku Leeds ndimayendetsa wodi yonse, palibe amene anandimvapo molakwika."

"Nanenso ndinamva chomene."

"Chabwino. Magetsi a dzuwa aja. Padenga sindikuona kanthu."

"Padenga? Chinthu chodula chonchija padenga, aliyense wodutsa azichiona? Sola ili pansi pa bedi langa, ndaifunditsa bulangete."

"Ndiye ikugwira bwanji ntchito?"

"Sinagwirepo, amama. Ikadali yatsopano ngati tsiku lomwe inafika. Dzuwa silinaikhudzepo ngakhale pang'ono."

Foni inalira m'chikwama. Mayi Esme anawerenga uthengawo.

"Alendo aja adutsa pa Jenda. Akuti akuona kuchedwa kudzuka ndi nyimbo za mbalame. Anthu awa amalembera magazini ya apaulendo kwawoko! Akalemba zoipa, pakhomo pano sipadzapondanso mlendo, mwamva?"

"Ndiye muwauze kuti mitengo ili m'kati. Aiona pafupi, aigwira ndi manja."

"Sindiuza munthu chilichonse. Chithunzi cha pa intaneti chili ndi mitengo, ndipo sichisintha."

Chithunzicho chinajambulidwa chaka chimene mayiwa anakwera ndege. Tonse obwerera tili nacho chithunzi chotere, ndipo timakwiyira dziko chifukwa chokana kufanana nacho.

"Komabe mbalame zilipo, eti? Mbalame sungaicheke ndi macheka."

Goodluck anatsokomola monyadira.

"Pamenepo ndiye ndinavutika, amama. Ana a malegeni a kuno ndi oopsa kuposa a makala."

"A Goodluck. Musandiuze."

"Ulimbo basi. Ndinatchera m'mphepete mwa damu. Zili m'dengu kukhitchini, ndaika mwala pamwamba."

"Zamoyo?"

"Zina."

"Zinazo?"

"Zinakana kudya. Mbalame za m'tchire n'zamwano. Koma sindinataye ndi imodzi yomwe, ndinaziwamba bwinobwino ndi kamchere. Azunguwo akafuna kuwerenga, nambala ikwana."

"Mulungu wanga! Zaka zonsezi ndikupukuta nkhalamba za eni m'chisanu, kuti ndidzakonze kwathu, kwathuko n'kundikonzera izi!"

"Yewo, amama."

"Sindikukuyamikirani!"

Mayi Esme anazungulira bwalo, nsapato zikutitimira m'utuchi. Anayang'ana wotchi, anayang'ana kumsewu, kenaka maso anaima kutsidya, kumene nkhalango ya boma yatsalako kachigamba kobiriwira. Mawu anatsika.

"Chikwanje muli nacho?"

"Chakuthwa chomene."

"Thamangani kutsidya uko. Mukadule timitengo tamasamba ambiri, totalika ngati denga ili, tochuluka ndithu. Mudzakumbe maenje kuzungulira nyumba, muzike, mutsire madzi. Zitsa muzikwirire ndi udzu."

"Timitengo topanda mizu?"

"Akugona masiku awiri okha. Kuno n'kozizira, sitifota msanga."

"Nanga akachoka?"

"Akachoka tiume, ine ndili ku Leeds! Fulumirani, galimoto ili m'njira!"

Goodluck anavala chipewa chake pang'onopang'ono, anabwerera m'mbuyo, n'kuwayang'ana bwana ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene dikoni amayang'anira mkhristu amene wamupeza pa kachasu.

"Ndapota, amama, imeneyo ndiye yayi. Kudula mtengo n'kuusiya panja? Pamalo pano timasamala chilengedwe."