Thobwa la M'chigubu Chabuluu

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo ndi achinyamata, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mundipirire, chifukwa mtima wanga sunakhazikikebe mpaka lero.

Ambiri mumandidziwa, ndine mayi wa sopo uja. Kuseri kwa nyumba yanga konkuno ku Chileka ndimapanga sopo wamadzi ndi mankhwala otsukira m'zimbudzi. Zopangira zake zimabwera m'zigubu zabuluu, ndipo zina n'zaukali, zikakugwera pakhungu zimawotcha. Ine ndimavala magulovu, ndimadziteteza bwinobwino. Koma mankhwala akatha m'chigubu, ndinkangotsukuluza kawiri n'kupatsa anthu. Inu nomwe mukudziwa mmene timakondera chigubu kuno. Ndinkadziona wopatsa, abale anga, ndinkadziona mayi wachifundo.

Lachisanu lina m'mawa kunabwera mayi wa ku ofesi yoona za chilengedwe, poti ndinali nditapempha chiphaso kuti ntchito yanga ikhale yovomerezeka. Anayendera paliponse. Anati madzi otsukira ziwiya ndisamawathirenso m'ngalande yopita kumadimba, ndikumbe dzenje lopaka simenti. Ine ndinkangoti inde, inde, mumtima ndikuti malizani muzipita. Kenako anafunsa, "Nanga zigubu zotha mumaziika kuti?"

Ndinayankha monyadira, Mulungu andikhululukire. "Ndimathandiza nazo anthu. Dzana lomweli ndatumiza zisanu ndi chimodzi ku Lirangwe, kuli chinkhoswe cha mwana wa alamu anga mawa."

Mayi uja anaika cholembera pansi. "Akathiramo chiyani?"

"Madzi. Mwinanso thobwa."

Anandilozera kachithunzi kapachigubu, kaja ka dontho likudya dzanja. Zaka ziwiri ndikukaona, osafunsa n'komwe tanthauzo lake. Anati, "Mayi, mankhwala awa satha ndi kutsukuluza. Lamulo likuti chigubu chotere chibwerere kumene munachigula, apo ayi muchiboole. Pachinkhoswe amayamba kumwa thobwa ndi ndani? Si ana?"

Abale, ndinamusiya mayiyo ataima pabwalo. Ndinatuluka ndi patapata. Foni ya alamu yosapezeka. Ndiyimbenso, yosapezeka. Pa Kameza minibasi inaima kudikira kudzaza, kondakitala akungoti atsala awiri, atsala awiri. Ine ndikukhala, ndikuimirira, ndikukhalanso. Pemphero langa linali mawu atatu okha: Ambuye, asamwe, asamwe.

Nditafika ndinapeza amayi ali pa ntchito yophika. Moni sindinapereke, ine amene ndimadzudzula ana osapereka moni. Zigubu zisanu zinali pansi pa mtengo wa mango, zodzaza madzi ophikira mawa. Ndinazikokera pambali. Ndiwerenge, zisanu. Ndiwerengenso, zisanu.

"Chinacho chili kuti?"

Alamu anati chili kutsidya kwa mtsinje, kwa a Nachisale, amene amadziwika ndi thobwa m'dera lonselo. Ndinathamanga, mayi wamkulu ngati ine, chitenje chili m'manja.

Ndinawapeza a Nachisale pakhonde, chigubu chili chodzaza mpaka pakamwa, thobwa likufukabe nthunzi, kapu yolawira ili pambali. Ndinati, "Amayi, thobwali litayidwe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu a ku Chileka mwabwera kudzatichititsa manyazi eti? Chimera changa, nkhuni zanga, masiku awiri ndili pamoto. Chigubuchi ndachitsuka ndekha ndi mchenga ndi phulusa."

Ananditambasulira manja kuti ndione mmene anavutikira. Abale, manjawo anali ofiira, zala zitasupuka. Iwo ankaganiza kuti ndi moto wapamafuwa.

Apa m'pamene panali povuta. Anthu anali atasonkhana, ndipo ndinayenera kunena ndi pakamwa panga kuti mphatso yanga inali poizoni, kuti wolakwa ndine, si wina. Ndinagwada pafumbi n'kunena. Tinakumba dzenje kutali ndi chitsime ndi madimba, ndipo ndinathira thobwa lonse ndi manja angawa, a Nachisale akulira. Tikuchoka pamenepo ndinawaperekeza kuchipatala.

Chinkhoswe chinachitika popanda thobwa. Mpaka pano ku Lirangwe amachitchula choncho, chinkhoswe chopanda thobwa chija. Alamu anatha miyezi iwiri osandilankhula. Alendo anabwerera kwawo akunyoza, inde, koma anabwerera ndi miyendo yawo, aliyense ndi ana ake.

Lero dzenje la simenti ndinakumba, chiphaso ndinalandira, ndipo chigubu chilichonse chikatha ndimachiboola ndi chitsulo chamoto. Manja a a Nachisale anapola. Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mayi uja Lachisanu, osati Lolemba.

Koma ndanena kuti mtima sunakhazikike. Ndinagawa zigubu zaka ziwiri, ndipo zina zili m'nyumba zanu, ndikuona ena mwayamba kuyang'anana. Musachite manyazi, manyaziwo ndi anga. Tikatuluka ndiima pakhomo, mundiuze, ndibwera ndekha kudzatenga.

Tsopano imirirani mukondwere nane, amayi imbani nthungululu, chifukwa kapu ija ndinaipeza ili youma. Ameni.