Chidindo pa Kalata ya a Belu

Malemu achimwene anga, amene tawazungulira pano lero, anabadwa pa 9 Ogasiti 1957, m'banja la ana asanu. Iwo anali oyamba, ine amene ndaima pano ndine wotsiriza. Dzina lawo lenileni lalembedwa pabokosipo, koma ambiri mwa inu mwalimva koyamba lero, chifukwa kwa zaka zoposa makumi atatu aliyense wakhala akuwatcha a Belu.

Ndisanapite patali, ndinene poyera kuti dzulo pamsonkhano wa banja ena anandipempha kuti mbali ina ya mbiriyi ndiidumphe, poti pano pali akuluakulu a yunivesite, omwenso ndi mabwana anga kuntchito. Alamu anga, mayi wamasiye, anakana. Anati mbiri yodulidwa pakati si ya amuna awo. Choncho ndiwerenga yonse. A Mlembi Wamkulu wa yunivesite ndi anzanu amene mwakhala kutsogoloku, takulandirani ndi ulemu wonse. Inunso ochemerera timu amene mwadzaza kumbuyoko ndi majezi anu, ndikupemphani kuti mugwire mitima mpaka ndimalize. Ano ndi maliro, si bwalo la mpira.

Malemu anayamba sukulu mu 1964. Mutu wawo unali wakuthwa, makamaka pa masamu, koma mu 1972 bambo athu atamwalira, anasiyira panjira atangoyamba kumene sekondale. Anakaphunzira utelala kwa mmisiri wina wokalamba amene ankalanga ndi tepi yoyezera, ndipo mu 1979 anatsegula shopu yawoyawo moyang'anizana ndi geti laling'ono la yunivesite. Chinali chipinda chimodzi, muli makina opalasa ndi phazi, simbi, benchi ndi galasi long'aluka pakona. Makina amenewo ndi amene anandiphunzitsa ine. Iwo sanakhalepo m'kalasi ya yunivesite ngakhale tsiku limodzi, koma anandikankha mpaka mu 1994 ndinalembedwa ntchito ya ukalaliki mu ofesi yolandira makalata pa yunivesite yomweyo. Malaya ndavalawa anasoka ndi iwo.

Mu 1981 ophunzira ena anabwera kushopu ndi thumba la majezi ong'ambika a timu ya mpira wa miyendo. Malemu anawasoka, nadula manambala atsopano pansalu yoyera, ndipo Loweruka anapita kubwalo kukaona ngati ulusi wawo ugwire. Ulusi unagwira, nawonso anagwidwa. Kuyambira pamenepo jezi iliyonse ya yunivesite, ya anyamata ndi ya atsikana omwe, inkadutsa pa makina awo. Wosewera ankatha kumuiwala dzina, koma muyezo wa chifuwa chake sankauiwala. Pano pali madokotala ndi maloya amene a Belu ankawatchabe Nambala Foro kapena Nambala Naini mpaka imvi.

Pa 16 Epulo 1983 malemu anamanga banja ndi alamu angawa, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Alamu amakonda kunena kuti anakwatiwa pamitala osadziwa: Lolemba mpaka Lachisanu bambo anali awo, Loweruka anali a timu, Lamulungu ankakhala pakhomo koma mawu atatha.

Dzina la Belu linabwera mu 1991. Chaka chimenecho malemu anagula belu lakale la sukulu kwa wogulitsa zitsulo, ndipo ankaliimba timu ikachinya, komanso oyimbira mpira akalakwitsa, zimene kwa iwo zinkachitika kawirikawiri. Chaka chomwecho timu inatenga chikho cha mayunivesite. Mu 2009 mwana wawo wamkazi wachiwiri, amene wakhala pambali pa mayi akeyu, anatsogolera timu ya mpira wa manja kutenganso chikho. Tsiku limenelo belu linang'aluka mlomo, ndipo likulira mosasa mpaka lero.

Zinthu zinayamba kulowa pansi mu 2016. Mphunzitsi wa timu anapuma pa ntchito ndipo sanalowedwe m'malo. Wosamalira bwalo anapumanso, chimodzimodzi. Mipope ya m'chipinda chosinthiramo zovala inauma, ukonde wa magolo unaola, basi yonyamula osewera inaimikidwa pamiyala kuseri kwa laibulale. Mu 2022 timu inagonja masewera khumi ndi anayi otsatizana, ena osawasewera n'komwe chifukwa chosowa choyendera. Mu 2023 matimu onse awiri anachotsedwa mu ligi. Kalata yowachotsa inadutsa pa desiki langa, ndipo amene anamata envulopu ndine.

Malemu sanataye mtima. Anasonkhanitsa ochemerera, ophunzira, osewera akale, amayi ogulitsa pageti ndi oyendetsa mataxi, napanga komiti, iwo n'kukhala wapampando. Lachisanu lililonse masana ankatseka shopu, gulu n'kupita kukatchetcha udzu. Loweruka m'mawa ankalemba mizere ya bwalo ndi laimu, pogwiritsa ntchito chingwe ndi tepi yawo ya utelala. Timu yosewerapo panalibe, koma mizere inali yowongoka kuposa msoko wa suti. Anthu ankawaseka kuti akukonzera mbuzi bwalo. Iwo ankati bwalo lopanda mizere ndi tchire, ndipo tchire munthu amalanda popanda manyazi.

Sananame. Mu Febuluwale chaka chino tinamva kuti pali ganizo losandutsa bwalolo malo oimikapo magalimoto, ndi kuti khonsolo ya yunivesite idzagamula nkhaniyi pa 19 Juni, Lachinayi likubwerali. Komiti inalemba kalata. Sinali ya mwano, ndaiwerenga kambirimbiri. Inapempha kuti bwalo lisakhudzidwe, kuti alembedwe mphunzitsi ngakhale mmodzi, kuti mipope ikonzedwe, kuti matimu abwerere mu ligi, komanso kuti akuluakulu akhale pansi ndi ochemerera kwa ola limodzi lokha. Anthu 1,146 anasainira. Malemu anasoka mapepalawo pamodzi ndi makina awo kuti lina lisasowe.

Apa ndifotokoze mmene ofesi yathu imagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kalata ikabwera, kalaliki amaidinda chidindo chosonyeza kuti yalandiridwa, amalemba tsiku, n'kuipatsa nambala m'buku la makalata. Kalata yopita kukhonsolo ikadindidwa kutatsala masiku asanu ndi awiri kapena kuposerapo kuti khonsolo ikumane, lamulo limati iyenera kuwerengedwa pamsonkhanowo, ndipo palibe amene angaichotse. Koma kalata yosadindidwa, kaya ikhale ndi mayina chikwi, ku yunivesite imatengedwa ngati sinabwerepo. Chidindo chimenecho ndi chimodzi, ndipo chimakhala m'kabati yanga.

Kumapeto kwa Febuluwale ndinaitanidwa m'chipinda cha pamwamba cha mabwana. Sananditukwane, sanandiopseze poyera. Anangondiuza mofatsa kuti kalata ya ochemerera ikabwera ndisaidinde kaye, n'kundikumbutsa kuti ndatsala ndi zaka zinayi kuti ndipume pa ntchito. Sanalembe paliponse. Dzina la amene anandiuza sindilitchula pamaliro a mbale wanga, koma mwiniwake akundimva.

Anyamata kumbuyoko, khalani pansi. Ndati khalani pansi. Amene anakana kalata ija pawindo la ofesi si akuluakuluwa ayi, ndine.

Lolemba pa 3 Malichi malemu anabwera atavala jekete, kalata ili m'manja. Ndinawauza kuti inki ya chidindo yatha. Anaseka, nati inki yokha akagula okha. Pa 7 Epulo anabweranso, botolo la inki lili m'thumba. Ndinawauza kuti buku la makalata latengedwa kukaunikidwa, chonsecho ndinali nditalikhalira pampando. Tsiku limenelo sanaseke. Pa 19 Meyi anabwera kachitatu. Bodza linali litandithera, moti ndinangoyang'ana pansi. Anaima pawindopo nthawi yaitali, anthu akudikira kumbuyo kwawo. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma anangoloza malaya anga, nati batani lachiwiri latsala pang'ono kugwa, ndiwapititsire kushopu asanatseke. Anapinda kalata yawo n'kumapita. Malayawo sindinapititse, manyazi anandigwira miyendo. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene achimwene anga anandiyankhula.

Loweruka pa 24 Meyi m'mawa, akulemba mzere wa pakati pa bwalo, malemu anagwa ndi chitini cha laimu m'manja. Anzawo a komiti anathamangira nawo kuchipatala, kumene madokotala anapeza kuti magazi athamanga kwambiri ndipo mtsempha waphulika m'mutu. Mbali ya kumanja inafa, lilime linalemera. Anagona m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Sindikunena kuti kalata ndi imene inawadwalitsa. Madokotala anati matendawa anali nawo kalekale, ndipo mankhwala ankamwa modumphadumpha ngati mmene amachitira amuna ambiri amene mwakhala panonu. Koma ndikanama ndikanena kuti ineyo mtima wanga wamasuka ndi mawu a madokotalawo.

Ndinkapita kukawaona tsiku lililonse ndikaweruka. Kuyankhula sankatha, koma ndikalowa ankakunga chibakera cha kumanzere n'kuchimenyetsa pa bulangeti kawiri. Anamwino ankati ndi matenda akuwagwedeza. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti dzanja limatero likamadinda, koma ndinkangowakonzera pilo n'kuyamba kukamba za nyengo. Malemu anatisiya Lachitatu pa 11 Juni 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 67.

Lachinayi pa 12 Juni, anthu atayamba kale kusonkhana pano, alamu ananditumiza kushopu kukatenga suti yoti tiwaveke. Anandiuzanso kuti nditsegule kabati kakang'ono ka pa makina, poti muli katundu wanga. Ndinapezamo ulusi, choko, batani limodzi lofanana ndi a malaya anga, ndi kalata ija. Ndinawerenga masiku ndi zala. Kuchoka pa 12 kufika pa 19 ndi masiku asanu ndi awiri ndendende. Linali tsiku lomaliza.

A Mlembi Wamkulu, ndikufuna mumve kwa ine, osati kwa anthu a m'makhonde. Suti ndinaipereka kwa mwana wa malemu, ine n'kuwoloka msewu. Ndinalowa mu ofesi nthawi itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 4 koloko, anzanga awiri akuona. Ndinatsegula kabati, ndinadinda kalatayo, ndinalemba tsiku loona, osabweza m'mbuyo ngakhale ndi ola limodzi. M'buku la makalata ili pa nambala 417. Kope lake ndinalipereka kwa woimira ophunzira m'khonsolo, monga mmene lamulo linenera. Lachinayi kalata ya achimwene anga iwerengedwa.

Chimene khonsolo igamule sindikudziwa, ndipo pamaliro pano sitikukakamiza munthu. Mwina bwalo lipitabe. Sindikudziwanso ngati kiyi wanga atsegulebe chitseko Lolemba, koma ndidzafika nthawi yake monga ndachitira kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Pempho la banja ndi lakuti musanagamule, mudzatsike pang'ono pamwambapo, mudzayende mpaka kubwalo. Mzere wa pakati unathera theka, pamene anagwera. Komiti yaganiza zousiya choncho mpaka Lachinayi. Kwa inu ochemerera, belu alamu alipereka m'manja mwanu, koma ati lisalire pageti la munthu, pagalimoto ya munthu, ngakhale panja pa chipinda cha khonsolo. Lidzalire timu ikadzachinya. Wina akaswa galasi m'dzina la a Belu, ameneyo sanawadziwe.

Malemu asiya mkazi wawo, ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, zidzukulu zisanu ndi zinayi, alongo awo awiri, ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso masuti atatu a makasitomala osamalizidwa, ndipo eni ake tikuwapempha atipirire, mwana wawo woyamba awamaliza.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi mpingo wonse, amayi amene akhala akuphikira anthu kuyambira Lachitatu, oyandikana nawo nyumba, atelala anzawo amene asoka nsalu ya pabokosi, ndi osewera akale amene mwachokera kutali kudzanyamula bokosili. Ndikuthokozanso akuluakulu a yunivesite chifukwa cha nkhata ya maluwa, mipando ndi galimoto imene itinyamule kupita kumanda. Zimenezi tazilandira ndi manja awiri.

Achimwene, batani lija ndasoka ndekha, mopotoka, mukanaliona mukanandimasulitsa. Kalata yanu yalandiridwa. Kukhonsolo sindinachedwe, koma kwa inu ndinachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo tsiku limenelo ndiyenda nalo moyo wanga wonse. Gonani bwino, a Belu, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere wa Mulungu.