Sutikesi Yopanda Kanthu

Pa siteji ya minibasi ku Dambwa, Ennie anaima ndi sutikesi yatsopano, ikadali m'pulasitiki. Mayi wina wachikulire, wosamudziwa n'komwe, anamuthandiza kuisuntha ndipo anadabwa.

"Ah, kupepuka so! Muyenda kuti, mwana wanga?"

"Ku loji kwamene n'nasiya nchito, amayi."

"Munasiya, koma muyendako futi?"

"Bamuna banga banabauza ati transifa ku Chipata. Ine kuthamanga, kukasiya nchito. Manje transifa yafa, koma bana bafunika kudya. Niyenda kukapempha abwana banibweze."

"Nanga sutikesi ni ya chani?"

"Ni mphatso ya banzanga ba kunchito. Bananichitira pate yolayirana. Banaimba, banapemphera, benangu banalira. Ningangene bwanji monga palibe chinachitika? Niyambe nababwezera."

"Nanga keke yamene munadya?"

"Iyo bazanikhululukira chabe."

"Manje abwana bakakana?"

Ennie anayang'ana sutikesi ija, naipukuta fumbi ndi dzanja.

"Ninshi nizalongamo zovala, niyende kumunzi na bana. Pali ise babili, ine na sutikesi iyi, umozi azapeza nchito lelo, amayi."